Pansi pa Boti la Alamu

Boti linafika pakhomo panga pa ngolo, mwezi wa Ogasiti, mphepo ya fumbi ili pakati. Ng'ombe zinali zinayi m'malo mwa ziwili, zonse thovu kukamwa. Pamwamba pa katunduyo anafunditsapo masaka a fodya n'kumanga ndi mphila. Woyendetsa ngolo anali alamu anga, mlongo wamkulu wa mkazi wanga, amene amakhala cha ku Chikomeni.

"Monile, alamu. Ndakubweletselani nchito."

"Yewo. Nanga bwanji mwatulukila kumadimba, msewu ulipo?"

"Kumsewu kuli maso ambili," anatelo akumasula mphila.

Mawu amenewo ndinawasunga.

Nchito yanga ndi ya faiba, pulasitiki yolimba ija yopangidwa ndi nsalu ndi guluu. Ndinaiphunzila ku Chipata nditamaliza sekondale, pagalaja ina pomwe tinkamata mabampala a minibasi ndi matanki a madzi. Nditabwelela ku Lundazi ndinamanga kashedi kuseli kwa nyumba, ndipo ndi mmenemo ndalelela ana. Boti ndinali ndisanaligwilepo, koma faiba ndi faiba.

Titachotsa masaka ndinaona chinthu chachitali ngati mamita asanu, chachifupi msinkhu, chosongoka kumphuno. Penti yake inali yabuluu kale, tsopano yofwifwa ngati yunifomu ya mwana wa giledi seveni. Galasi lakutsogolo linali losweka. Linali ndi chiwongolelo ngati cha galimoto, ndi mipando iwili yomwe makoswe anali atadya siponji yake. Pakati panaima chitsulo chofika m'chiuno. Alamu anati azungu ankamangapo chingwe, wina n'kumakokedwa pamadzi ataima pa timatabwa. Anati boti analipeza ku chigwa cha Luangwa, pa kampu ina ya alendo komwe anapita kukamanga zimbudzi, ndipo eni ake anali atalitaya kuseli kwa khitchini.

Cholinga chawo chinali chomveka. Pakati pa midzi yawo ndi msewu pali mtsinje umene umadzaza kuyambila Januwale mpaka Malichi. Anthu amagona kutsidya ndi odwala, feteleza ndi njinga, kudikila kuti madzi aphwe. Alamu ankafuna kuwolotsa anthu. Injini yaing'ono yakale anali ataipeza kale.

Ndinaitana amuna asanu ndi mmodzi a pachigayo kuti titsitse. Boti silinasunthe. Tinaonjeza anayi, kenako awili, ndipo ngakhale apo tinachita kulikhwekhweleza pa mitengo. Mmodzi wa amunawo anapukuta thukuta n'kufunsa ngati mkati muli mvuu. Onse anaseka. Alamu sanaseke.

Ine kulemela kwa faiba ndimakudziwa ndi manja. Thanki yaikulu ya madzi amaigubuduza anthu awili. Boti la msinkhu umenewo silikanafuna amuna khumi ndi awili.

Anthu atapita, alamu anandiuza zoti ndichite. Ndichotse chitsulo cha pakati ndi mipando, ndiike mabenchi atatu, ndisinthe thabwa la kumbuyo lomangililapo injini chifukwa linali litawola, ndipake penti.

"Nanga pansi popondapo?"

"Pansi mpabwino. Musakhudzepo."

"Ndingoonako pang'ono."

"Ndati mpabwino, alamu. Ndinaona kale ine. Musataye nthawi yanu."

Apa ndiyenela kunena za kale la munthuyu. Ali mnyamata ankayenda ku chigwa ndi mfuti ya gogodela. Tsiku lina a gemu, asilikali oteteza nyama zakuthengo, anamugwila ndi nyama yowamba pa njinga, ndipo anakhala m'ndende miyezi ingapo. Nthawi imeneyo ndinali nditangokwatila mlongo wake, ndipo ndine ndinkamupelekela shuga ndi sopo. Atatuluka anasintha. Anaphunzila zomangamanga, anayamba kukumba zitsime ndi kumanga madibi a ng'ombe, mpaka anakhala mkulu wa mpingo kwawo. Zaka zoposa makumi awili zinali zitapita popanda mbili yoipa. Komabe munthu ukamuonapo kuseli kwa waya wa ndende, chithunzicho sichichoka.

M'mawa mwake ndinakwela m'boti ndekha. Thabwa la pansi linali lokhomedwa ndi misomali ya malata, yatsopano, yopanda dzimbili. Wopanga maboti sangakhome ndi misomali ya malata. Pamwamba pake anapakapo penti ya mafuta yobiliwila, ya mtundu umene timapaka zitseko, ndipo inali ikununkhabe.

Pa nchito yathu timamva ndi khutu. Umatenga sipanala yaing'ono n'kumagogoda pang'onopang'ono. Faiba yamoyo imalila ngati ng'oma yaing'ono. Yowola mkati imangoti bu, bu. Ndinalowa pansi pa boti n'kuyamba kugogoda chigoba chake kuchokela kumphuno. M'mbali chinkalila bwino. Nditafika pamimba, kulila kunatha. Sikunali bu, bu kwa chinthu chowola. Kunali ngati ndikugogoda mwala. Kuchokela pakati mpaka kumbuyo, mwala wokhawokha.

Kumbuyo kwa boti kumakhala kabowo kotulutsila madzi. Ndinalowetsamo waya. Unalowa utali wa chala n'kuima.

Ndinakhala pa ndowa n'kuyamba kulumikiza zinthu. Boti lochokela ku chigwa. Njila ya kumadimba. Masaka a fodya. Misomali yatsopano. Chinthu cholemela, cholimba, chogonekedwa m'litali pansi pa thabwa lomwe ndaletsedwa kulikhudza. Sindinafune kulitchula dzina lake ngakhale mumtima, koma linabwela lokha: minyanga ya njovu.

Aliyense kuno amadziwa zimene zimamuonekela munthu wopezeka ndi zinthu zimenezo. Safunsa kuti anabweletsa ndani. Amafunsa kuti zapezeka pakhomo pa ndani. Boti linali pakhomo panga, m'shedi yanga, ndipo amuna khumi ndi awili anali mboni kuti ndinalilandila ndi manja awili.

Ndinayamba nchito imene ndinauzidwa, chifukwa manja akakhala chete mutu umalankhula kwambili. Ndinadula chitsulo cha pakati. Thabwa la kumbuyo ndinalikumba ndi tchizulo, linkatuluka ngati manyowa. Ndinaika mukwa wouma, magawo awili, n'kuukuta ndi nsalu ya faiba ndi lezini, guluu uja amene amauma ngati galasi. Lezini ndinaitanitsa ku Chipata pa minibasi. Masiku onsewo ndinkaponda pa thabwa lobiliwila lija mosamala ngati ndikuponda pa manda.

Alamu ankabwela pa Chiwelu paliponse pa njinga. Asanapeleke moni kwa mlongo wawo, ankayamba adzela m'shedi, n'kusuzumila m'boti. Maso awo sankapita pa thabwa latsopano la kumbuyo, limene ndinalikonza bwino ndithu. Ankapita pa misomali. Ndinawaona akuiwelenga ndi milomo.

Sabata yachitatu kunabwela munthu pa njinga yamoto, wovala jekete yobiliwila. Anaima pampanda, anatulutsa foni n'kujambula boti. Anafunsa ngati likugulitsidwa. Ndinati ayi. Anafunsa kumene linachokela. Ndinati mwini wake kulibe. Anagwedeza mutu n'kupita. Mwina anali munthu wongodabwa kuona boti ku Lundazi, pakuti ambili ankaima kuyang'ana. Koma tsiku limenelo chakudya chinandikanika.

Mkazi wanga anaona.

"Imwe, mwadwala?"

"Ayi."

"Ndiye ndiwo zalakwa chiyani?"

Ndinamuuza zonse, kuyambila pa ng'ombe zinayi mpaka pa jekete yobiliwila. Anamvetsela akupukuta manja pa chitenje. Nditatchula minyanga anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Munthu amene amagawa mgonelo ku tchalitchi?"

"Sindinati ndi zoona. Ndati ndikuopa."

"Mukuopa, kapena mwaweluza kale?"

"Mawa ndidula thabwa lija."

"Simudula," anatelo. "Mukadula kumbali, mwamuyesa wakuba kumbali. Ndi mlongo wanga. Mudule iye ali pompo, akuyang'anani m'maso. Ngati muli zimenezo, ine ndemwe ndikamutengela ng'ombe zoti achotsele."

Ndinadikila masiku anayi. Anali aatali.

Pa Chiwelu alamu anafika dzuwa litakwela pang'ono. Anapeza nditalumikiza kale galainda, makina anga odulila, ku magetsi, nditajambula ndi choko mzele wa makona anayi pa thabwa lobiliwila. Mkazi wanga anaima pakhomo la shedi.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndikutsegula pansi."

"Tinagwilizana chiyani, alamu?"

"Munanena ndinu. Ine sindinavomele."

Anatsamilitsa njinga, anakwela m'boti n'kukhala pansi, pakati penipeni pa mzele wa choko, miyendo atatambasula ngati mwana wokana kusamba. Munthu wa imvi, jekete ya ku tchalitchi ili pathupi.

"Dulani ndi ine ndemwe."

"Tsikani, alamu."

"Boti ndi langa. Inu ndakupatsani kumbuyo ndi mabenchi. Kodi telala ukamupatsa thalauzi kuti afupikitse miyendo, amayamba kusecha m'matumba?"

"Thalauzi ikalemela ngati ng'ombe, amasecha."

Mkazi wanga anatsokomola kubisa kuseka. Ine sizinandiseketse.

"Ngati simufuna nditsegule," ndinatelo, "lichoke pano lelo."

"Ndi ng'ombe ziti? Zili ku dibi."

"Ndiye ndiuzeni chimene chili pansipo."

"Palibe."

"Palibe salemela choncho. Ndagogoda. Ndalowetsa waya. Mwakhoma ndi misomali ya malata, mwapaka penti ya chitseko, mwadzela kumadimba. Ana anga amagona m'nyumba iyi." Ndinawayang'ana m'maso. "Alamu, muli minyanga?"

Anayang'ana ine, anayang'ana mlongo wawo, amene anagwetsa maso pansi. Kenako anadzuka pang'onopang'ono, akugwila m'mbali mwa boti, n'kutsika. Anasasa fumbi pa jekete.

"Zaka zonsezi," anatelo motsitsa mawu, "mumadya nane mbale imodzi muli ndi zimenezo m'mimba?"

Anandilozela galainda.

"Dulani."

Galainda inalila. Fumbi la thabwa linadzaza m'shedi. Nditamaliza mbali zinayi ndinalowetsa tchizulo n'kutukula chidutswacho.

Pansi pake panali simenti.

Inali yosalala bwino, yopakidwa ndi dzanja la mmisili, yotsetseleka pang'ono kupita pakati ngati pansi pa dibi la ng'ombe. Ndinamenya ndi hamala pakona. Inasweka, ndipo munatuluka mchenga wa kumtsinje ndi waya wa khola la nkhuku. Ndinapitiliza kuswa, mtima ukadali ndi kachikayiko kuti mwina simenti ndi chivundikilo chabe. Ndinafika pa chigoba. Panalibe china chilichonse koma madzi akuda onunkha, ndi mng'alu. Unali wautali kuposa mkono wanga, wotsata msana wa boti, wolowa nsonga ya tchizulo.

"Matumba angati?" ndinafunsa.

"Atatu."

"Atatu!"

"Ndi wilibala zisanu za mchenga." Anali akuyang'ana kunja. "Nditalitenga ndinakaliyesa padambo. Linamwa madzi ngati dengu. Ndinachita zimene ndimachita thanki ikang'aluka. Linasiya kudontha."

"Munaliyesanso pamadzi?"

"Ndinathilamo ndowa khumi lili pamtunda. Madzi sanatuluke."

"Nanga kubisa?"

Apa ndi pomwe anatembenuka.

"Ndimakudziwani, alamu. Mukanaona mng'alu uwo tsiku loyamba, mukanati chiyani?"

Ndinaganiza. "Ndikanati mukasungilemo nkhuku."

"Ndiye chimenecho. Ndipo anthu a kumsewu akanaona ng'ombe zinayi zikulephela kukoka kaboti, mawa lake dziko lonse likanadziwa kuti mkulu wa mpingo wamanga chitsime m'boti."

Mkazi wanga anaseka tsopano osabisa, mpaka anagwila chitseko. Ine sindinathe kuseka, chifukwa ndinali nditayamba kuona chinthu china. Simenti sigwilana ndi faiba. Faiba imapindika ikamenyedwa ndi madzi, simenti sipindika. Madzi akuda aja anali umboni kuti zinali zitalekana kale. Ndinawauza kuti boti limenelo, litanyamula anthu khumi ndi njinga zawo pa mtsinje wodzaza, likanamila ngati khasu, osapatsa munthu mpata wofuula.

"Pamenepo mwanena zoona," anatelo alamu. "Pa zinazo ayi."

Tsiku limenelo sanadye kwathu. Anati ali ndi msonkhano.

Lolemba anabwelanso ndi hamala yawo ndi tchizulo. Simenti yonse anaiswa okha, masiku asanu ndi anayi, akugona kwa mnzawo wa mpingo ku boma m'malo mwa kwathu. Ankafika, kupeleka moni, kugwila nchito, kupita. Ndikawauza kuti amenye chogoneka kuti asaboole chigoba, ankati "Yewo," zikomo wa kwathu kuno, basi. Zidutswa anazithila pa dzenje la pamsewu wathu, ndipo mpaka lelo ndimapondapo ndikamapita kumsika.

Simenti itatha, boti tinalitembenuza anthu asanu.

Mng'alu ndinaupala ndi galainda mbali zonse ziwili, mkati ndi kunja, mpaka m'mphepete mwake munapyapyala. Ndinaboola kabowo kumapeto onse awili kuti usapitilile. Kenako nsalu ya faiba, gawo pamwamba pa gawo, lililonse lokulilapo kuposa linzake, asanu ndi limodzi mkati, anayi kunja. Mwezi wa Okutobala lezini imauma msanga ndi kutentha, choncho ndinkasakaniza pang'onopang'ono m'chitini cha mkaka, m'mawa dzuwa lisanakwiye. Fumbi la faiba limayabwa ngati chitedze. Alamu analimva tsiku loyamba, anakanda mikono mpaka kutuluka magazi, koma sanadandaule kwa ine. Anakadandaula kwa mlongo wawo.

Nthiti za pansi ndinaika zatsopano za mukwa. M'mipata yake tinadzazamo mabotolo apulasitiki opanda kanthu, otsekedwa zolimba, amene mkazi wanga anatolela kwa amayi ogulitsa chakumwa cha munkhoyo, kuti ngakhale boti litadzaza madzi lisapite pansi. Chiwongolelo ndinachotsa, chifukwa injini yaing'ono ija amaiwongola ndi dzanja kumbuyo. Mabenchi atatu, zogwilila m'mbali, penti yoyela ndi mzele wofiila wosonyeza pomwe madzi sayenela kupitilila.

Chinthu chimodzi ndinachita osafunsa. Pa thabwa latsopano la pansi ndinasiya kachitseko ka makona anayi, ka mahinjesi awili, pamwamba penipeni pa mng'alu uja. Mmisili aliyense akanachita chimodzimodzi: malo amene anang'alukapo amafunika kuwaona kawilikawili. Alamu atakaona anakatsegula, anakatseka, anandiyang'ana.

"Ka a gemu aka, koti azisuzumilamo?"

"Ka madzi," ndinatelo.

"Yewo."

Tinaliyesa pa damu la pa boma mvula yoyamba itagwa, titaikamo matumba a mchenga olemela ngati anthu khumi ndi awili. Linayenda ola lathunthu. Nditatsegula kachitseko, pansi panali pouma. Ndinapepesa tsiku limenelo, tili awili pakati pa madzi, injini itazima. Ndinati ndinalakwa kuwaganizila zimene zija. Anati zinatha. Anatinso akanakhala iwo, mwina akanaganiza zomwezo. Kenako analiza injini, ndipo sitinakambenso.

Boti lagwila nchito mvula zitatu tsopano. Lawolotsa amayi apakati, matumba a feteleza, mbuzi, ngakhale bokosi la malilo. Alamu amadyanso kwathu akabwela ku boma, ndipo amaseka ndi ana monga kale.

Koma ndikapita kwawo nthawi ya dzinja n'kufika padooko, pamakhala mwambo umene sitinapangane. Anthu ena amangokwela n'kukhala pa mabenchi. Ikafika nthawi yanga, alamu amakweza dzanja kuti ndiime. Amawelama, amatsegula kachitseko kaja, n'kubwelela m'mbuyo, anthu onse akuyang'ana. Chaka choyamba ndinayesa kuseka n'kunena kuti palibe chifukwa. Anangoima chomwecho, dzanja lili pa injini, mpaka ndinasuzumila.

Mkazi wanga amati ndizingokwela osayang'anamo, tsiku lina adzatopa. Mwina akunena zoona. Koma kachitseko kakatseguka, maso anga amapita okha. Ndimayang'ana msana wa boti pomwe panali mng'alu, ndimayang'ana mabotolo, ndipo ndisanawelamuke ndimayang'ananso kumakona.